Munthu wa Jekete

Adamson Chisale sanafune kubwerera ku Kabwe, ndipo zifukwa anali nazo zodzaza dengu: mawondo, kutalika kwa msewu wochokera ku Chipata, nkhuku zopanda woziyang'anira. Koma ukwati wa mdzukulu wa mlongo wake ku Kamushanga sunali wongotumizira mafuno abwino pa foni, komanso Maness anali atagula kale matikiti a basi. Maness akagula tikiti, iwe chako n'kufunafuna nsapato basi.

Maness anali mwana wa Kingstone, mkulu wake wa Adamson, amene anafera mu mgodi wa mtovu mu 1979 mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Adamson ndiye anamulera. Anamugulira yunifolomu yoyamba, anamuperekeza ku koleji ya uphunzitsi atasenza sutikesi pamutu, ndipo tsiku la ukwati wake ndiye anayenda naye kulowa m'tchalitchi. Maness sanamutchulepo kuti atate aang'ono. Ankangoti "Atate," Adamson n'kuvomera. Anavomera choncho zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo zaka zonsezo ankadziwa chinthu chimodzi chimene Maness sankadziwa, chakuti imfa ya Kingstone inadzera m'dzanja lake. Mantha ake onse anali pamenepo, kuti tsiku lina mwanayu adzamva n'kumulanda dzinalo.

Ukwati unachitika Loweruka, Lamulungu anapita ku Misa, ndipo basi yobwerera inali ya Lachiwiri. Linatsala Lolemba lopanda ntchito. Munthu wanzeru akanagona pamkeka n'kumadya zotsala za ukwati, koma Maness anali mphunzitsi wa mbiri yakale, mtundu uja wa anthu amene sadutsa chikwangwani osachiwerenga. Kulikonse kumene wapita amafunsa komwe kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale asanafunse komwe kuli chimbudzi. Anali ndi kope lake lachikuto chofiira, ndipo analembamo kale malo atatu oti akaone mumzinda umene anabadwiramo, umene anauchoka ali ndi zaka khumi ndi zisanu mgodi utatsekedwa. Adamson anayesa kudandaula za mawondo. Maness anati abwereka galimoto ya hayala, mawondowo akakhala pampando.

Anayambira pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa tawuni. Pansi pake panali ozizira bwino, ndipo anthu ankangodutsa osauyang'ana, monga amachitira anthu ndi chinthu chimene anachipeza chilipo. Maness anawerenga mawu onse olembedwa pamenepo, anawakopera m'kope, kenako anazungulira mtengowo akuwerenga mapazi ake. Adamson anamuuza kuti bambo ake, agogo ake a Maness, anapumira pomwepo tsiku limene anafika kuchokera ku Ntcheu wapansi, atanyamula bulangete limodzi ndi dzina la munthu wa kumudzi kwawo amene ankagwira ntchito ku mgodi. Maness analembanso zimenezo. Kenako anapempha mayi wina wogulitsa mtedza kuti awajambule, ndipo pojambulitsapo anatsamira mutu paphewa la Adamson ngati kamwana. Mayi wa mtedzayo anati akufanana mphuno. Maness anaseka, Adamson anayang'ana nkhuyu zimene zinagwa pansi.

Kuchoka pamenepo analowera ku Kasanda, komboni ya anthu a mgodi kumene ankakhala kale. Adamson anali asanapondeko zaka makumi atatu, ndipo ankaganiza kuti akapeza kwasintha moti mtima wake sudzazindikira kanthu. Anadzinamiza. Misewu inali yomweyo, fumbi lomwelo, njinga zikudutsana ndi amayi osenza madzi. Chiphiri chakuda cha zotsalira za mgodi chinali chikhalire, anthu akukumba m'mbali mwake ndi makasu ndi mafosholo kufuna zimene eni ake anasiya. Maness anati anawerenga kuti dothi lonse la kumeneko lili ndi mtovu, ndipo ana amaumeza ndi fumbi akamasewera. Adamson sanafunikire kuwerenga. Mgodi anautseka mu 1994, koma sunasamuke, unangolowa m'dothi ndi m'magazi a ana a anthu. Nyumba imene ankakhala anaipeza itapakidwa utoto wobiriwira, kutsogolo kwake kuli kasaluni. Anaima pamsewu osalowa, poti munthu sugogoda pakhomo la eni kukapempha kuona zaka zako.

Malo achitatu Adamson sankawadziwa n'komwe, chifukwa nthawi yake kunalibe. Chinali chipinda chachitali cha malata pafupi ndi geti lakale la mgodi, momwe kale ankasungiramo zipangizo. Anthu ena opuma ntchito anasonkhanitsamo zinthu za mgodi kuti ana adzaone, kenako eni akewo anatha mmodzimmodzi, makiyi n'kutsalira mwana wa mmodzi wa iwo, mayi wina wamtali dzina lake Carol Mweemba. Mayiyu ankaikonda ntchito yake, zinkaonekera pa mmene anapukutira magalasi. Anawalandira ndi manja awiri, akutcha Adamson ba shikulu, Maness bamayo, ndiko kuti agogo ndi amayi m'Chibemba, ndipo atamva kuti mkuluyo anagwirapo ntchito pansi, anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti lero aphunzira ndi iye.

Anawaonetsa zisoti, nyali za pamphumi, majombo ouma ngati chikumba, ndi chibowolero cha miyala chimene Adamson anachizindikira ndi mapewa asanachizindikire ndi maso. Anawaonetsa chigaza chapulasitala, chofanizira cha munthu wakalekale amene anamufukula mu mgodi momwemo mu 1921. Chenichenicho chili ku London, ndipo Carol ankanena zimenezo ndi mawu a munthu amene akusimba za m'bale amene anapita kunja kukagwira ntchito n'kuleka kulemba makalata. Maness ankalemba mwachangu, akufunsa mafunso ngati woyesa mayeso. Adamson mtima unayamba kukhala m'malo. Anafika mpaka pokonza Carol pa dzina la kapitawo wina wa pachithunzi, ndipo zinamukomera kuti pali chimene akudziwa kuposa chikwangwani.

Atakhota kuseri kwa kabati yomaliza, anaona bolodi.

Linali thabwa lalikulu lakuda, lokhomedwa misomali m'mizere, pansi pa msomali uliwonse pali nambala yolembedwa ndi utoto woyera. Aliyense wotsikira pansi ankakhala ndi kachitsulo kake kamkuwa, kozungulira, kodindidwa nambala yake. Polowa mu kheji, chikwere chija chotsitsa anthu m'dzenje, unkakoleka kachitsuloko pamsomali wako. Potuluka unkakachotsa ndi dzanja lako n'kukaponya m'bokosi pawindo lobwezera nyali. Woombera miyala sankaloledwa kuphulitsa kanthu pansi mpaka bolodi litayera. Kachitsulo kamodzi kokha kakatsala, ndiye kuti pansi pali munthu, ndipo ntchito yonse inkaima mpaka amupeze. Lamulo linali limodzi, losavuta moti ndi wosaphunzira yemwe ankalisunga: nambala ya mnzako sugwira.

Adamson ndi Kingstone ankaliphwanya lamulolo pafupifupi Loweruka lililonse. Ankagwira shifiti imodzi koma m'malo osiyana, ndipo pabolodi pankakhala mzere wautali wa anthu otopa. Tsono anapangana kuti woyamba kutuluka azichotsa nambala zonse ziwiri n'kukatulutsa njinga, winayo akatuluka azingodutsa. Zinayenda bwino zaka ziwiri, ndipo chinthu chikayenda bwino zaka ziwiri munthu umaiwala kuti n'cholakwika. Loweruka lina la mwezi wa Juni kunali mpira waukulu. Adamson anatuluka, anafunsa mnzake wina ngati waona Kingstone, mnzakeyo anati mwina ali mu kheji yotsatira. Mawu akuti mwina aja Adamson anawamva bwinobwino. Anachotsa 2315 yake, anachotsa 2316 ya mkulu wake, anaziponya m'bokosi. Anadikira pang'ono pa njinga, kenako anaganiza kuti Kingstone wadutsira geti lina, n'kupalasa kupita ku bwalo. Ali m'njira anamva nthaka ikugunda pansi pa matayala monga inkachitira tsiku lililonse akaombera.

Kingstone anamupeza m'mawa mwake. Ngati mwala unamupana mwendo asanaombere, kapena anakomoka ndi mpweya woipa, palibe anadziwa, ndipo Adamson analingalira zimenezo mpaka imvi zinamera. Chimene ankadziwa n'chakuti nambala ija ikanatsala pamsomali, anthu akanatsika kukamufuna. Ofufuza za ngoziyo anapeza 2316 m'bokosi, anapeza jekete pambali pa mtembo, ndipo analumikiza ziwirizo: munthuyu anatuluka, anachotsa nambala yake, anakumbukira jekete, n'kuzembera pansi osauza aliyense. Anafunsa Adamson ngati anamuona mkulu wake pamwamba. Adamson anali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mkazi woyembekezera, ndi mantha a ndende. Anati sanamuone, zomwe zinali zoona, ndipo anathera pomwepo. Wakufa sayankha mlandu, choncho mlandu unagwera wakufa. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Tsopano bolodi lomwe lija linali patsogolo pake, misomali yonse ili yopanda kanthu kupatula umodzi. Pa umodziwo panalendewera kachitsulo kopukutidwa mpaka kuwala, ndipo pambali pake panali pepala lotayipidwa, lomatidwa m'pulasitiki. Adamson sanafunikire magalasi kuti awerenge nambalayo. Anati kunja kukutentha, mwina apite akapeze chakumwa. Maness anati atsala pang'ono kumaliza.

"Apa ndiye pamene bana ba sukulu bamakonda maningi," anatero Carol, akuloza ndi kandodo kake. "Iyi ni nkhani ya munthu wa jekete."

Anaisimba bwino, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Anali ataisimba kambirimbiri moti inasalala ngati mpini wakale. Anati munthuyu anatuluka bwinobwino, moyo uli m'manja, koma anabwerera pansi chifukwa cha jekete la salaula, la pa kaunjika chabe. Anati kuyambira chaka chimenecho aliyense wolembedwa ntchito ankamuonetsa kachitsulo kameneka tsiku loyamba n'kumuuza kuti asadzakhale ngati wa jekete. Bambo ake a Carol anakasunga mgodi utatsekedwa. Ana a sukulu akabwera, iye amawafunsa kuti chodula n'chiti, jekete kapena moyo, ndipo anawo amayankha onse pamodzi, ena akuseka. Pamenepo Carol anamwetulira, kudikira kuti alendo ake amwetulirenso.

Maness anali atasiya kulemba. Anatseka kope lija, cholembera chili m'kati, n'kulipanira pachifuwa.

"Anali atate anga," anatero. "Kingstone Chisale."

Carol anatsitsa kandodo kaja. Anapepesa m'Chinyanja, anapepesa m'Chibemba, mawu akumuthawa. Anati papepalapo palibe dzina, iye sanadziwe, ndipo ngati bamayo akufuna achotsa zonse lero lomwe. Maness anamugwira mkono n'kumuuza kuti asavutike. Nkhaniyo anakula nayo. Ku sukulu ya pulayimale komweko ku Kasanda anzake ankamutcha mwana wa jekete, ndipo nyengo yozizira ankapita m'kalasi ndi diresi lokha, kukana kuvala chofunda kuti asawapatse poyambira. Mayi ake anamwalira osalitchula dzina la mwamuna wawo pagulu. Zonsezi Maness ankazinena mofatsa, mopanda misozi, ngati akufotokoza za dziko lina.

"Musachotse," anatero. "Ngati kupusa kwawo kunapulumutsako anthu ena, ndiye kuti anagwirako ntchito ina. Ine ndinali ndi mwayi, Mulungu ananipatsa atate ena."

Ananena akuyang'ana Adamson, ndi chikondi chenicheni, ndipo chikondi chimenecho n'chimene chinamugwetsa. Akanakhala kuti Maness analira kapena kukalipa, mwina Adamson akanameza malovu n'kumutulutsa panja, monga anamezera zaka zonsezi. Koma kumva mwana wa Kingstone akutcha bambo ake wopusa, mwaulemu, pamaso pa mlendo, n'kumuyamika iyeyo pomwepo, zinamukanika. Anachita manyazi amene sanawamvepo, oposa mantha aja. Anavula chipewa. Mawu oyamba sanamveke, anachita kubwereza.

"Sanabwerere pansi. Sanatuluke n'komwe. Nambalayo ninachotsa ndine."

Panja munthu wina ankakhoma chitsulo, ndipo malata a denga ankalira ndi dzuwa. Adamson anafotokoza zonse ali chiimire, maso ali pa simenti: pangano la njinga, mzere wa pabolodi, mawu aja akuti mwina, mpira, funso la ofufuza ndi yankho lake. Sanadzichepetsere mlandu, ndipo anadabwa kuona kuti nkhani imene inamulemera moyo wonse inatha m'mphindi zochepa chabe. Carol anakoka mpando n'kuuika kumbuyo kwake, koma iye sanakhale. Kenako mayiyo anapita kukaima pakhomo, kuwapatsa msana, poti anali munthu woleredwa.

Maness anafunsa mafunso atatu, limodzilimodzi, ndi mawu ake a m'kalasi. Anafunsa ngati mayi ake anadziwa. Adamson anati ayi. Anafunsa ngati mkazi wa Adamson, amene anamwalira zaka zinayi zapitazo, anadziwa. Adamson anati ayi, anauza wansembe mmodzi yekha mu kulapa, ndipo wansembeyo anamuuza kuti akauze banja, iye n'kusintha wansembe.

"Mpira uja munaonera mpaka kutha?"

"Mpaka kutha."

Maness anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatembenukira ku bolodi n'kuwerenga pepala lija lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga amawerengera chikwangwani chilichonse. Atamaliza anaitana Carol n'kumuuza kuti tsopano achotse. Carol anati achotsa, koma kuti alembe zina m'malo mwake pafunika mwini nkhani alembe ndi dzanja lake, asaine, aike ndi tsiku, chifukwa mawa wina adzabwera kudzatsutsa ndipo iye sangayankhe kuti anangomva. Anabweretsa pepala ndi cholembera n'kuziika patebulo la alendo. Adamson anakhala pansi n'kuyamba kulemba. Zilembo zinkakwera ndi kutsika. Analemba dzina lonse la mkulu wake, analemba kuti Kingstone Chisale sanaphwanye lamulo tsiku limenelo, kuti jekete linali pambali pake chifukwa anali asanachoke pamalo ake a ntchito. Atafika pa dzina lake anaima pang'ono, kenako analemba lonse, ndi nambala yake yomwe.

Carol anafunsa ngati dzina la ba shikulu liikidwe pakhoma kapena lingosungidwa m'kabati. Adamson anayang'ana Maness kuti ayankhe, koma Maness ankayang'ana pawindo. Tsono anayankha yekha kuti liikidwe, ana akafunsa kuti anachotsa nambala ndani, pakhale dzina la munthu.

Anatuluka dzuwa lili paliwombo. Woyendetsa galimoto uja anali atagona, mapazi ali pawindo. Maness sanamudzutse. Anaima pamthunzi wa khoma, Adamson n'kuima chapatali pang'ono, osadziwa mtunda umene tsopano unali woyenera. Ankayembekezera kukalipiridwa ndipo ankakulakalaka, poti mawu aukali amakhala ndi pothera. Anafuna kunena kuti anayesetsa, kuti chilichonse chimene Kingstone akanamuchitira mwana wake iye anachita. Koma anadzimva yekha mmene zikanamvekera, ngati munthu woba mbuzi amene akudzitama kuti anaidyetsa bwino, ndipo anatseka pakamwa.

Pamene Maness anayankhula, sanakweze mawu. Anati chimene chikumupweteka si imfayo ayi. Anyamata awiri opusa anapangana zopusa, tsoka n'kugwera mmodzi, zimenezo akanazimvetsa ngakhale ali mwana. Chimene chikumupweteka n'chakuti iye wakhala akudana ndi bambo ake moyo wake wonse. Ankati munthu wanji wosiya mkazi ndi khanda chifukwa cha chovala. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anakana kupitanso kumanda tsiku lokumbukira akufa, mayi ake anamumenya, iye osapita. Chithunzi cha bambo akewo chimodzi chokha chimene chilipo anachiika pansi pa sutikesi, ana ake sanachionepo.

"Nabala ana aamuna atatu," anatero. "Palibe na mmodzi yemwe ninamutcha Kingstone. Nthawi zonse zitatu munalipo, ninakufunsani dzina, inu munati nisankhe nekha. Woyamba ninamutcha Adamson."

Adamson anati akudziwa. Kupepesa kunaoneka kochepa moti anachita nako manyazi, komabe anapepesa. Maness sanavomere, sanakanenso. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, anagogoda pagalimoto kudzutsa woyendetsa, n'kufunsa Adamson ngati manda akuwakumbukira. Adamson anati angawapeze ngakhale atamumanga nsalu kumaso.

Panjira Maness anaimitsa galimoto pa kagolosale n'kugula makandulo awiri ndi machesi. Anakhala kutsogolo. Adamson anakhala kumbuyo yekha, akuyang'ana khosi la mwana amene anamuphunzitsa kupalasa njinga m'misewu yomweyo. Woyendetsa anayesa kuyambitsa nkhani ya kukwera mtengo kwa mafuta, anaona kuti palibe womuthandiza, n'kutsegula wailesi motsitsa.

Manda akale a anthu a mgodi anali kumapeto kwa komboni, udzu wouma utafika m'chiuno, mitanda yambiri itagwa. Atatsika, Adamson anatsogola mwachizolowezi, koma pa geti Maness anamugwira malaya.

"Munilozere chabe. Imwe mutsale pano."

Sananene mwaukali. Adamson analoza: adutse mtengo wa muwanga uwo, awerenge mizere itatu kumanzere, apeza mtanda wa mapaipi awiri owotcherera, wopanda dzina chifukwa utoto unayenera kuti unafufutika kale. Mtandawo anaupanga yekha. Maness anamvetsera, anabwereza malangizowo kuti asasokoneze, anavula nsapato zake za ku ukwati n'kuzisiya pa geti, poti zidendene zake zinkalowa m'dothi. Kenako analowa m'udzu, akuupatula ndi manja.

Adamson anatsala ataima, chipewa chili m'manja. Anamuona akudutsa muwanga uja, akuwerenga mizere ndi chala, akubwerera pang'ono, kenako akuwerama. Udzu unamubisa. Kwa nthawi yaitali sikunamveke kanthu, koma njiwa ndi galimoto zakutali. Mawondo anayamba kumupweteka zenizeni tsopano, koma panalibe pokhala, ndipo sanaone kuti ali ndi ufulu wokakhala m'galimoto. Anayesa kupemphera, mawu a pemphero anabwera okha osadzera mumtima. Anaganiza za mawa, za maola onse aja a mu basi mipando yoyandikana, ndipo sanadziwe ngati Maness adzamugawira chakudya cha panjira monga anachitira pobwera, kapena adzapempha munthu wina kusinthana naye malo. Anapeza kuti zonse ziwiri akhoza kuzipirira. Chimene sanadziwe n'chakuti akafika ku Chipata adzamuitana kuti chiyani.

Kenako kulira kunayamba. Sikunali kusisima kwa munthu wophunzira amene akudziletsa, kunali kulira maliro kwenikweni, kwa mayi wa kumudzi, kokoka mawu, kumene Adamson sanaganizepo kuti Maness amakudziwa. Kunakwera pamwamba pa udzu n'kufika mpaka pamsewu, moti mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima n'kuchita chizindikiro cha mtanda, kuganiza kuti kwagwa maliro atsopano. Woyendetsa anazimitsa wailesi.

"Atate," Maness ankaitana m'kati mwa kulirako. "Atate ine. Atate."

Adamson anatsegula pakamwa kuti avomere, monga ankachitira nthawi zonse. Anatseka, n'kugwira chitsulo cha geti ndi manja onse awiri.